Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma la Salima pa nkhani ya fodya wamagetsi pakati pa ana

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Salima, Wapampando wa Khonsolo ndi makhansala onse, mkulu wa zaumoyo ndi mkulu wa zamaphunziro m'boma lino, Agogo Chalo athu, ndi Olemekezeka aphungu oimira madera a Salima ku Nyumba ya Malamulo.

Mabwana ndi madona, zikomo.

Ndine mphunzitsi wa sekondale muno mu Salima, komanso ndine kholo. Ndalemba kalatayi poyera, m'malo moipereka ku ofesi kuti ikalowe mu fayelo, chifukwa ndikufuna makolo anzanga aiwerengenso, ndipo mawa pasadzapezeke wonena kuti sanauzidwe. Nkhani yanga ndi ya fodya wamagetsi, uja ana akumutcha vape. Pempho langa ndi loti khonsolo iletse kugulitsa zinthuzi kwa ana osakwana zaka 18, ichite zimenezi panopa pamene ogulitsa akadali owerengeka, ndipo isadikire kuti ku Capital Hill ayambe ndiwo.

Ambiri mwa inu mwina simunaigwirepo m'manja vape. Ndi kanthu kakang'ono, kena kooneka ngati cholembera, kena ngati flash ya pakompyuta, kena ngati kabotolo ka mafuta opaka pamilomo. M'kati muli batire, kawaya kotentha, ndi madzi osakaniza ndi chikonga pamodzi ndi zonunkhiritsa. Munthu akakoka mpweya, kawaya kaja kamapsa, madzi aja n'kusanduka nthunzi yolowa m'mapapo. Palibe machesi, palibe phulusa, palibe fungo la ndudu. Chomwe chimatsala m'chipinda ndi kafungo ka mango kapena ka chingamu, ndipo pakatha kamphindi kathanso.

Apa ndi pamene pagona vuto lathu ife aphunzitsi ndi makolo. Njira zonse zomwe tinkagwirira mwana wosuta zinali za mphuno ndi maso: malaya onunkha, zala zachikasu, milomo yoderako, bokosi la machesi m'thumba. Mwana wa vape amakoka ali kuchimbudzi cha sukulu, kapena m'kalasi momwemo mphunzitsi akatembenukira ku bolodi, n'kuuzira nthunziyo m'kati mwa malaya. Mayi akaipeza m'chikwama amauzidwa kuti ndi chotchajira foni, ndipo amakhulupirira, poti n'zoonadi zina mwa izo zimatchajidwa ndi kachingwe ka foni. Atsikana amene sakanayerekeza kugwira ndudu pamaso pa anthu, iyi akuigwira mopanda manyazi, chifukwa kwa iwo si fodya ayi, n'chinthu chamakono chojambulira vidiyo ya pa TikTok.

Mmene zikufikira kuno si chinsinsi. Salima ili pafupi ndi Lilongwe, ndipo Lachisanu lililonse msewu wa M14 umatsitsa anthu obwera kudzapuma ku Senga Bay. Alendo ndi dalitso, sindikutsutsa; ambiri kuno timadyera momwemo. Koma anyamata ogulitsa ziboliboli ndi nsomba pamchenga amaona zomwe alendowo akuchita, ena amapatsidwa yotsala, ena amatola zotayidwa n'kumalizitsa. Kenako pamabwera wamalonda amene waona kuti msika ulipo. Safuna sitolo. Amaika chithunzi pa WhatsApp, ndalama amalandira pa foni, katundu amatumiza pa kabaza. Ena aziika pashelufu m'mashopu a mafoni pafupi ndi mahedifoni. Mwana wovala yunifolomu akalowa ndi ndalama, palibe womufunsa zaka.

Wina anena kuti zinthuzi n'zodula, mwana wa kwa Khombedza kapena wa ku Chipoka sangazikwanitse. Amene akunena zimenezo sadziwa ana. Amasonkherana asanu, n'kugula imodzi, n'kumapatsirana pakamwa ndi pakamwa. Ndalama ya sopo ya mwana wogonera m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu imathera pomwepo, kholo kumudzi likuganiza kuti zinthu zangokwera mtengo.

Tsopano za chikonga. Ife Amalawi sitifunika mzungu kuti atiphunzitse za chikonga. Aliyense amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame m'mamawa akudziwa chizungulire chija, mseru, kusanza, mutu waching'alang'ala. Chimenecho ndi chikonga cholowa kudzera pakhungu. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, ndipo linati mwana amatha kumwerera chikonga chofika mamiligalamu 54 pa tsiku, chofanana ndi cha ndudu 50. Dziko lonse lapansi linatiloza chala, ndipo ife tinavomera kuti mwana achoke m'munda wa fodya. Alimi athu amanyikanso fodya m'madzi n'kupopera masamba a kudimba kuti nsabwe za m'mbewu zife, chifukwa chikonga ndi poizoni wa tizilombo. Ndiye zikutheka bwanji kuti chikonga chomwecho, atachithira fungo la sitiroberi n'kuchiika m'kabotolo kowala, tikuchilola kulowa m'chikwama cha mwana wa Fomu 2?

Ndipo chikonga cha m'vape si chochepa. Kampani ya ku America yotchedwa Juul inanena yokha kuti kabotolo kake kamodzi kali ndi chikonga chofanana ndi paketi ya ndudu 20. Opangawo anapezanso njira yosakaniza chikongacho ndi asidi wina kuti chisamakande pakhosi. Izi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Mwana akasuta ndudu kapena chingambwe koyamba amatsokomola, misozi imatuluka, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Thupi limakana lokha. Vape inachotsa chitetezo chimenecho. Imalowa mofewa, imakoma, ndipo ilibe pothera ngati ndudu yomwe ikapsa umataya. Mwana amangokoka tsiku lonse, pang'onopang'ono, osadziwa kuti wamwa chochuluka bwanji. Ku Britain ndi m'maiko a European Union lamulo limati chikonga chisapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi. Zomwe zikulowa kuno, zina zolembedwa kuti zimakokedwa kambirimbiri mpaka masauzande, ndani wazipima?

Madokotala amanena kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25. Mbali imene imakhwima pomalizira ndi imene imathandiza munthu kudekha, kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kudziletsa. Chikonga chikamafika mu ubongo wosakhwimawu, ubongo umazolowera msanga kuposa wa munthu wamkulu, ndipo umayamba kuchifuna. Ndicho chibaba. Ine sindine dokotala, koma zotsatira zake ndimaziona ndili ndi choko m'manja. Mwana amene anali wodekha amayamba kupempha kupita panja phunziro lililonse. Akakanizidwa amagwedeza mwendo, amapsa mtima pa zazing'ono, sangathe kuwerenga ndime imodzi mpaka pamapeto. Usiku sagona bwino, m'mawa akuodzera. Tsiku la mayeso a MSCE adzakhala m'holo maola awiri kapena atatu popanda kotulukira, mutu ukuitana chikonga m'malo moitana zomwe anawerenga. Kholo lidzati mwana walodzedwa, kapena wayamba zibwenzi, kapena aphunzitsi sakuphunzitsa.

Ana amandiuza kuti, "Sir, ndi nthunzi ya madzi chabe." Si zoona. Madzi a m'vape amapangidwa ndi propylene glycol ndi glycerine, ndipo akatenthedwa kwambiri amatulutsa mankhwala monga formaldehyde ndi acrolein amene amapweteka njira za mpweya. Kawaya kotentha kaja kamasiya tizidutswa ta zitsulo monga nickel ndi mtovu mu nthunzimo. Zonunkhiritsa zambiri zinavomerezedwa kuti ziziikidwa m'zakudya, zopita m'mimba, osati zopita m'mapapo. Chimodzi mwa izo, diacetyl, chinadwalitsa mapapo a anthu ogwira ntchito m'mafakitale a mbuliwuli ku America, ndipo chinapezekanso m'madzi a vape ena. Chikonga pachokha chimathamangitsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Kwa mwana wa mphumu, ndipo tili nawo ambiri makamaka nyengo ya mwera ndi fumbi, nthunzi imeneyi imatha kudzutsa matenda.

M'chaka cha 2019 ku America kunabuka matenda a mapapo pakati pa osuta vape. Pofika February 2020 anthu 2,807 anali atagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira, ambiri mwa odwalawo anali achinyamata. Ndinene zoona zake zonse kuti wina asadzati ndakokomeza: ofufuza anapeza kuti ambiri anasuta madzi osakaniza ndi mafuta a chamba, ogulidwa mwamseri, amene anathiridwa vitamin E acetate. Ena amatenga mfundo imeneyi ngati yotonthoza, ati ndiye kuti vape wamba alibe vuto. Ine imandiopsa koposa. Ife tili m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo chamba chomwe apolisi amagwira pamsewuwu nonse mumachimva pa wailesi. Chipangizo chomwe mwana angathe kutsegula n'kuthiramo chilichonse chomwe mnzake wamupatsa, m'dera ngati lino, mukuganiza kuti chidzakhala ndi mango okhaokha mpaka liti? Ku America odwalawo anapeza makina opumira. Mabwana a zaumoyo, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti mwana wa ku Lifuwu mapapo ake akakana usiku, ulendo wake ndi wotani kuti akafike pa makina oterowo.

Pali anthu ophunzira amene andiyankha kuti vape ndi yabwinoko kuposa ndudu, ndipo ku Britain a zaumoyo amalimbikitsa osuta kuti asinthire ku vape. N'zoona, ndipo sindibisa. Kwa bambo wa zaka 50 amene wasuta ndudu kuyambira ali mnyamata ndipo walephera kusiya, mwina kusinthako kungamuchepetsere chiopsezo. Nkhani imeneyo akambirane madokotala ndi odwala awo. Koma mwana wa zaka 15 wa ku Senga Bay sakusiya ndudu iliyonse. Akuyamba chikonga ndi vape. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata osuta vape ali ndi mwayi wochuluka pafupifupi katatu wodzayamba ndudu. Kuno kwathu njira yake ndi yaifupi kuposa kwina kulikonse: vape ikatha, ndalama palibe, chibaba chilipo, ndipo pa okala yapafupi ndudu amagulitsa imodziimodzi. Britain yemweyo, ngakhale amaikonda vape, analetsa zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya kuyambira pa 1 June 2025, chifukwa cha ana ndi zinyalala zake.

Opanga zinthuzi amati sapangira ana. WHO inawerenga mitundu ya makomedwe a vape n'kupeza yosachepera 16,000. Bambo wofuna kusiya fodya safuna makomedwe a chingamu ndi maswiti. M'chaka cha 2022 kampani ya Juul inavomera kulipira ndalama zoposa madola 400 miliyoni ku zigawo zoposa 30 za dziko la America pa nkhani ya mmene inkatsatsira malonda ake kwa achinyamata. Pamene maiko olemera akutseka zitseko, katunduyo sasiya kupangidwa. Amafuna kolowera kwina, komwe kulibe wofunsa.

Ife tinadutsamo kale m'njira imeneyi, ndipo n'chifukwa chake ndikulankhula molimba chonchi. Kumbukirani mowa wa m'masacheti. Anabwera mwakachetechete, otchipa, okwana m'thumba la kabudula, okoma ngati zipatso. Poyamba tinkati ndi za madalaivala ndi makondakitala a minibasi. Tisanadziwe, ana a pulaimale anali akuyamwa masacheti popita kusukulu, ndipo mapepala ake anadzaza m'ngalande za pa Kamuzu Road. Mafumu analira, mipingo ndi mizikiti inalira, boma linadzaletsa, koma apo n'kuti malondawo atakula, ali ndi eni ake amphamvu okhoza kuthamangira kukhothi. Anyamata ena amene tinawaphunzitsa nthawi imeneyo timakumana nawo lero pa depoti, ndipo sitifunika kufunsa chomwe chinawachitikira. Vape lero ili pamene masacheti anali tisanadzuke. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana woledzera amaoneka, koma wa vape saoneka.

Ndikudziwa kuti m'dziko muno munthu ukatchula fodya, ena amaimika makutu poganiza kuti ukufuna kupha mlimi. Fodya ndi amene wakhala akubweretsa ndalama zakunja zochuluka, ndipo ambiri a ife fizi yathu inachokera ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Koma vape siithandiza mlimi wa ku Dowa kapena Kasungu kugulitsa belo lake. Zambiri zimapangidwa mumzinda wa Shenzhen ku China, dziko lomwe katswiri wa zamankhwala Hon Lik anapangira fodya wamagetsi wamakonoyu m'chaka cha 2003. Ife timangogula, ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa pogula mafuta agalimoto ndi mankhwala a m'zipatala. Wogulitsa vape asabisale kumbuyo kwa mlimi.

Olemekezeka aphungu, dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi kusuta fodya m'chaka cha 2023, patatha zaka zambiri tikuzengereza. Gawo 16 la panganoli likunena zoletsa kugulitsa fodya kwa ana, ndipo gawo 13 likunena zoletsa kutsatsa. Lamulo lathu la Tobacco Industry Act likukamba za mlimi, wogula ndi msika wa fodya; si lamulo loteteza mapapo a mwana. Uganda inaletsa fodya wamagetsi kudzera m'lamulo lake la 2015. Ethiopia ndi India analetsa mu 2019. Ku Australia kuyambira mu 2024 vape imagulitsidwa m'mafamase mokha. South Africa inaika msonkho pa madzi a vape mu 2023. Njira zilipo zambiri, sankhani yomwe ikutiyenera, koma kafunseni nduna ya zaumoyo m'Nyumbamo kuti lamulo loteteza ana ku chikonga lifika liti, komanso kuti a Malawi Bureau of Standards ndi a MRA akuchitapo chiyani pa zomwe zikudutsa m'zipata zathu. Funso limenelo silifuna bajeti.

Koma kalatayi kwenikweni ndalembera inu a khonsolo, chifukwa malamulo a ku Lilongwe amayenda pang'onopang'ono ndipo mwana wa Fomu 1 lero adzakhala atamaliza sukulu asanafike. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linakupatsani mphamvu yopanga malamulo a m'boma lanu. Ziphaso za malonda mumapereka ndinu. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Ndiye ikani pa chiphaso cha shopu, bala ndi malo ogona alendo kuti wogulitsa vape, shisha (fodya wosutira m'botolo la madzi) kapena ndudu kwa mwana adzalandidwa chiphasocho. Letsani kuziyala poonekera m'mashopu oyandikana ndi sukulu. Anthu anu otolera ndalama za msika amayenda tsiku ndi tsiku pa Kamuzu Road, pa Senga Bay ndi m'misika ina yonse. Ngati amatha kupeza mayi wa mandasi amene sanadule tikiti, angathenso kuona shelufu ya vape. Eni malo a m'mbali mwa nyanja muwaitane, muwauze kuti aike potayira zinthuzi. M'kati mwake muli batire ya lithium yomwe imatha kuyaka moto ikaphwanyika, ndi madzi a chikonga otsalira omwe kamwana kakang'ono kakatola n'kuyamwa kakhoza kudwala kwambiri. Pamchenga pomwe zikutayidwapo ndi pomwe amayi amatsukira mbale ndi kuyanika usipa.

A zaumoyo, tithandizeni ndi chinthu chosavuta. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi m'masukulu atenge vape yeniyeni m'manja, akaionetse pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kwa amayi a m'magulu oyang'anira atsikana m'sukulu, ndi kwa mafumu. Makolo ambiri akangoiona kamodzi adzaizindikira, ndipo ena adzakumbuka kuti anaionapo kale m'nyumba mwawo. Wachinyamata akabwera kuchipatala ndi chifuwa chosatha kapena mtima wothamanga, funso lisamangokhala lakuti "Umasuta?" chifukwa adzayankha kuti ayi, ndipo mumtima mwake sakunama. Mufunseni za vape mwachindunji. Zomwe mukupeza muzilemba, kuti boma lino likhale ndi chiwerengero chakechake m'malo momangobwereka cha ku America monga ndachitira ine pano.

Kwa a zamaphunziro ndi aphunzitsi akulu anzanga, pali chinthu chomwe ndikudziwa kuti ena sagwirizana nane. Mwana akagwidwa ndi vape, chophweka n'kumuimitsa sukulu kapena kumuchotsa. Sukulu imaoneka yolimba mwambo, nkhani yatha. Koma mwana ameneyo tamutumiza kuti? Kunyumba komwe makolo ali kudimba kapena panyanja tsiku lonse, ali ndi chibaba chake ndi foni yake, ndipo wogulitsa uja akadalipo. Mwanayo ndi wogwidwa mumsampha womwe anatchera akuluakulu. Alandidwe chinthucho, kholo liitanidwe, chilango cha pasukulu chiperekedwe, koma apatsidwenso munthu woyenda naye masabata oyambirira amene thupi limavuta, pamene amakhala wokwiyakwiya ndi wosagona. Masabata amenewo akadutsa, zimapepuka. Ndipo afunsidwe mwachinsinsi komwe anagula, osati pa asembule. Mkwiyo wathu upite kwa wogulitsayo. Ndiwonjezere, ngakhale zikhumudwitse ena: mphunzitsi amene amakoka vape kuseri kwa ofesi ana akuona alibe pakamwa polangira mwana.

Agogo Chalo, inu ndi amene munathetsa maukwati a ana m'midzi yambiri pogwiritsa ntchito malamulo a m'mudzi, chindapusa cha mbuzi ndi nkhuku, pamene apolisi anali kutali. Mawu anu pa maliro ndi pa bwalo amafika komwe chikalata cha khonsolo sichifika. Uzani anyakwawa anu kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo wogulitsa chikonga kwa mwana m'mudzi aitanidwe pabwalo. Abusa ndi mashehe nawonso anene Lamlungu ndi Lachisanu, koma anene atachiona chinthucho ndi maso, chifukwa ana amaseka mlaliki wodzudzula chomwe sachidziwa.

Bwanamkubwa, ndikupempha kuti nkhaniyi iikidwe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse, ndipo komiti ya zaumoyo ndi ya zamaphunziro zipatsidwe tsiku lobweretsera malamulo oti akambidwe. Pamsonkhanowo muitanenso aphunzitsi, amayi a m'magulu a sukulu, ndi ana asukulu angapo oti adzalankhule popanda kuopa chilango. Iwo ndi amene akudziwa mitengo, mashopu ndi nambala za foni. Ma vape amene ife aphunzitsi talanda ali m'madilowa athu. Mukatiitana tidzabwera nawo kuti makhansala adzawagwire m'manja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sekondale ndi kholo,
Salima.